Bokosi la Aphunzitsi a ku India Likadali Chitsekere

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi chaka chatha, ndi pakamwa, pamaso pa komiti yonse ya laibulale yathu ya kuno kufupi ndi Chalimbana, m'boma la Chongwe. Kachiwiri ndinadandaula mu Ogasiti, mochita kulemba, ndipo kope lake ndili nalo, mlembi wa komiti anasainapo kuti walandira. Kachitatu munali mu Novembala, mvula yoyamba itangogwa. Yankho lolembedwa sindinalionepo. Nkhani yake ndi ya bokosi lamatabwa lodzaza mabuku, lochokera ku India, limene lili m'kachipinda kosungiramo makasu ndi mabenchi othyoka kuseri kwa laibulaleyo. Chifikireni, palibe amene wazulapo msomali ngakhale umodzi.

Eni ake a mabukuwo ndinawadziwa nditangokwatira kumene. Anali mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ya sekondale imene ine ndinkagwirapo ntchito yotayipa, m'zaka zija boma linkaitana aphunzitsi akunja chifukwa athu anali asanachuluke. Ine ndine mwana wa Achewa a ku Katete amene anadzapempha malo kwa Asoli, eni dera lino, n'kukhazikika kuno. Aphunzitsiwo anthu ankangowatcha kuti aMwenye, ndipo ambiri ankadabwa kuti ndi Mmwenye wanji wopanda sitolo, woyenda panjinga yobwereka, thalauza atalimanga ndi mphira m'miyendo.

Mbiri yawo ankandiuza pang'onopang'ono, ine ndikusintha riboni ya taipi. Anabadwira kummwera kwa India, m'katawuni ka pasiteshoni ya sitima, kumene bambo awo ankagulitsa matikiti. Uphunzitsi sinali ntchito yawo yoyamba. Anayamba ngati mtolankhani wa m'makhoti, kulemba za akuba mbuzi ndi okangana malire. Chaka china kutagwa chilala anakwera sitima kupita kumidzi, n'kulemba zimene anaona: zitsime zouma, anthu akugulitsa ng'ombe pamtengo wa nkhuku, nkhokwe za eni minda zili zotseka ndi maloko. Koma mwini nyuzipepala ankadyera mbale imodzi ndi eni mindawo. Anawauza kuti kuyambira tsikulo azilemba za maukwati a anthu olemera. Anapirira miyezi ingapo, kenako anaona chilengezo chofuna aphunzitsi ku Zambia.

Kuno sanasiye kulemba. Sabata iliyonse ankatumiza nkhani ku nyuzipepala ina ya ku Lusaka. Ankalemba chiimire, ndi pensulo, pepala atalitsamiritsa pawindo la ofesi ya aphunzitsi. Ine ndinkatayipa titaweruka, mapepala atatu pamodzi, kaboni pakati: loyamba la ku Lusaka, lachiwiri lawo, lachitatu lozimiririka lija langa. Onsewo ndili nawo mpaka lero m'mafailo, lililonse pamalo pake.

Anali ndi kachitidwe kena kamene sindinakamvepo kwa wolemba wina aliyense. Asanatumize nkhani, ankabwerera kwa anthu amene awalembawo kukawawerengera, ine ndikumasulira. Tsiku lina tinapalasa njinga mpaka kwa Nkomeshya, kumene alimi ankadikira malole odzatenga chimanga, matumba ataunjikidwa pamtetete, mitambo itayamba kale kusonkhana. Nkhaniyo inali yokwiya ndithu, ndipo amuna ankavomereza ndi mitu. Titafika pamzere wonena za mayi wina wachikulire wovala chitenje chong'ambika, mayiyo anaimirira.

"Imani pamenepo, mwana wanga," anandiuza ine. "Muwauze aphunzitsi anuwo kuti chitenje ichi n'chakumunda. Chabwino chili m'sutikesi, nivala pa Sande."

Ndinamasulira. Aphunzitsi anafunsa ngati achotse mzerewo.

"Asachotse. Alembe zonse ziwiri. Ku Lusaka asakaganize kuti kuno tiyenda maliseche chifukwa cha malole awo."

Analembadi zonse ziwiri, ndipo nyuzipepala inasindikiza momwemo.

Nkhani zotere sizinkakondweretsa aliyense. Kontirakiti yawo itatha sanawonjezeredwe, ndipo palibe anawauza chifukwa. Ndinawaperekeza pamsewu waukulu wa Kummawa, iwo, akazi awo ndi kamwana kawo kakakazi kamene kanabadwira kuno, n'kuwakwezera katundu pamwamba pa basi.

Kwawo anabwerera ku ntchito yakale. Anakhala mtolankhani woyendayenda, kenako mkonzi wa nyuzipepala, kenako ukonziwo anausiya, ati mkonzi ali ngati nkhuku yofungatira mazira a ena. Makalata ankabwera kangapo pachaka, opepuka, abuluu, nthawi zina muli nkhani yodulidwa m'nyuzipepala. Zina zinali m'Chingerezi. Zina zinali m'chiyankhulo chawo cha zilembo zozungulira ngati nyemba zotayikira pamphasa, ndipo zimenezo ndinkangoziyang'ana n'kuziika m'failo. Mabuku awo ndinkangowamva m'makalatamo. Loyamba linali la nkhani zifupizifupi za anthu a pasiteshoni paja. Lina linali la munthu wokumba zitsime amene mudzi wake womwe unalibe chitsime. Lina la asodzi. Lomaliza, limene analemba atakalamba, m'Chingerezi, ndi la zaka zawo za kuno: sukulu, msewu, alimi, ifeyo. Anandilembera kuti limenelo salitumiza papositi, adzabwera nalo okha kuti adzatiwerengere monga kale. Sanabwere. Anamwalira akukonza za ulendowo.

Amene anandiuza za imfayo ndi mwana wawo uja, amene tsopano ndi mayi wa ana akuluakulu. Bambo ake anali atanena kuti mabuku awo, olemba okha ndi ena ambiri amene ankawerenga, adzapite ku laibulale ya kuno. Mwanayo anachita zimene anauzidwa. Bokosi linafika ku Lusaka, komiti inachita hayala kalole, ndipo tsiku limene linatsitsidwa pakhonde la laibulale amayi analuluta. Wapampando wa komiti ndi mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, munthu amene anapuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Hamala inali kale m'manja mwake. Ndiye ananena kuti tiyambe tamva kalata imene inabwera ndi bokosi.

Ndinawerenga, ndikumasulira chiganizo chilichonse. Ine pomasulira sindidumpha mzere, ndipo sindidzayamba kudumpha nditakalamba. Kalatayo inati thupi la bambo linatenthedwa monga mwa mwambo wawo. Inatinso m'bokosimo, pamwamba pa mabuku, anaikamo taipi ya bambo ake, magalasi awo ndi jekete imene anasoketsa kuno n'kumaivala moyo wawo wonse.

Mlamu wanga anatsitsa hamala pansi.

"Alamu, bwerezani pamenepo. Mwati anawatentha?"

"Ndi mwambo wawo," ndinatero. "Thupi amatentha, phulusa amakathira mumtsinje."

"Ndiye kuti manda alibe."

"Alibe."

"Munthu alibe manda, jekete yake ili muno. Mudziwa bwanji kuti phulusa lina sanaike m'thumba la jeketeyo?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga. Msungichuma wa komiti, mayi wachisoli woopa Mulungu amene ndimamulemekeza, ananena kuti kaya phulusa lilimo kaya mulibe, mfundo ndi imodzi: m'bokosimo muli zovala za malemu, ndipo katundu wa malemu satsegula mlendo. Payenera kukhala wachibale, aikepo dzanja, atulutse chinthu choyamba, anene kuti ichi chipite kwa uje. Apa Achewa ndi Asoli anagwirizana, chinthu chimene pa nkhani ya malire a minda sichichitika. Bokosi linanyamulidwa kupita kuseri, kudikira wachibale.

Ndisamveke ngati wonyoza mwambo. Mkazi wanga atamwalira sindinakhudze ngakhale duku lake. Sutikesi yake inakhala pakona mpaka abale ake atabwera kuchokera ku Katete, tinameta, anagawa zitenje ndi mbale, ine ndili chete pamphasa. Ndimadziwa chimene mwambowo umateteza. Umateteza ana amasiye kwa anthu a manja aatali, ndipo umapatsa banja mpata womasula munthu wawo. Koma apa wamasiyeyo ndiye anakhoma yekha bokosi, analipira yekha sitima ya pamadzi, analemba yekha kuti landirani. Kugawa kunachitika kale, ku India, ndipo gawo lathu ndi ili. Mawu amenewa ndinawanena mu Meyi, ndinawalemba mu Ogasiti, ndipo palibe wanditsutsa. Amangoti amva.

Ndinakonza zoti mwanayo ayankhule yekha ndi komiti, pafoni yoonetsa nkhope. Anatipatsa moni m'Chinyanja chimene anachokera nacho kuno ali wamng'ono, amayi n'kuwomba m'manja. Ananena momveka kuti phulusa lonse linapita mumtsinje wa kwawo, m'bokosi mulibe, ndipo titsegule lero lomwe. Kubwera sangathe, chifukwa mayi ake ali chigonere ndipo wowasamala ndi iye. Mlamu wanga anamuthokoza mwaulemu wonse, anamutcha mwana wathu, anapereka moni kwa odwala. Foni itazima anatembenukira kwa ine.

"Mwana waulemu," anatero. "Koma mawu a pafoni sagwira hamala."

Maganizo opita ku Kamwala, dera la masitolo mu Lusaka, anali a mlamu wanga yemweyo. Anati Amwenye adzaza m'masitolo a kumeneko, mmodzi angabwere kudzaimira banja, monga tichitira ife Mchewa akafera kutali, kuti Mchewa aliyense wopezeka pafupi amakhala mbale. Ndinamuuza kuti India si Katete. Anati ndisamuphunzitse mapu. Tinakwera minibasi pa boma la Chongwe m'mawa, iye atavala tayi, ine nditanyamula failo.

Tinalowa m'sitolo ya zitsulo ndi utoto imene mlamu wanga ankagulako mapaipi. Mwini wake, mkulu wa ndevu zoyera ndi kachipewa kumutu, anatimvetsera mpaka kumapeto, akusewera ndi makiyi.

"Mwakamba ni ba kuti?" anafunsa.

"Kummwera kwa India," ndinayankha.

"Madala, ine ninabadwira ku Chipata. Atate anga anagona ku Chipata. Ku India ninapitako kamozi chabe, m'mimba munanivuta, nabwelako. Bantu aba mukamba, chitundu chawo sinimvela, mapemphero yawo ni yena. Ise sititentha, tiika m'manda monga imwe."

"Koma khungu ndi limodzi, bwana," anatero mlamu wanga.

"Imwe na mu Nigeria khungu ni limozi. Angabwele kugawa zovala za amai banu?"

Mwini sitoloyo anapitiriza.

"Mwana wa mwine wakamba kuti tsegulani, manje mufuna chani? Tsegulani chabe. Ngati vuto ni hamala, nili nazo, nizakuchotselani pang'ono."

Anatigulira zakumwa zoziziritsa kukhosi, anafunsa za mvula ya ku Chongwe, tinatsanzika. M'minibasi titadutsa mphambano ya ku bwalo la ndege, mlamu wanga anatembenukira kwa ine. Kenako anandigwira bondo.

"Mwaona, alamu? Ngakhale mnzawo wakana kuligwira."

Ndipo ndi mmene zinalembedwera m'maminitsi a komiti, kuti wachibale wa ku Lusaka anafunsidwa ndipo anakana. Munthuyo si wachibale, ndipo chimene ananena ndi chakuti titsegule. Ndinalemba kalata yopempha kuti mzerewo ukonzedwe. Sunakonzedwe.

Sindikunena kuti mlamu wanga ndi munthu woipa. Ndinamutsatira kumunda kwake tsiku lina, ndinamupeza akuthira feteleza, ndipo tili awiri anandiyankha mosabisa.

"Inu mukatsegula, mutenga buku lanu, mupita kunyumba kukawerenga. Mwana wa munthu akadwala sabata yomweyo, abwera pakhomo pa yani? Panga. Adzati wapampando analowetsa mzimu wa Mmwenye m'nyumba imene ana athu amawerengeramo."

"Ndiye nenani kuti ndatsegula ndine. Abwere pakhomo panga."

"Inu ndani akuopani? Mungowatulutsira failo."

"Alamu, munthu uja munamudziwa. Anakuphunzitsani Chingerezi chimene munapezera ntchito. Ali moyo sanapwetekepo ngakhale nkhuku."

"Ali moyo," anatero, n'kuwerama kupitiriza kuthira.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi maso. Kuchipatala cha pa boma anandiuza kuti diso lamanzere lachita ng'ala, ndipo lamanja layamba. Anati ndidikire madokotala a maso, adzabwera. Ndikudikira. Masiku ano ndimawerenga m'mawa mokha, panja, pepala litayandikira mphuno, ndipo makope a kaboni aja sindiwaonanso, ndimangowadziwa ndi malo ake m'failo. Chaka chatha zilembo za nyuzipepala ndinkaziona. Chaka chino ndimaona mitu yokha. Buku limene munthu analemba za ife, limene ndinalidikira kuyambira tsiku limene anandiuza kuti waliyamba, lili pamtunda woyenda ndi ndodo kuchokera pakhomo panga, kuseri kwa thabwa limodzi. Wina adzati adzandiwerengera ena. Mwina. Koma munthu amene ndinatayipa mawu ake kwa zaka zonse zija ndikufuna kumuwerenga ndekha, kuona pamene waika mpumiro, kubwerera pamzere umene wandikhudza popanda kupempha wina kuti abwereze.

Ndipo si maso okha. Mu Novembala ndinapempha kiyi wa kachipindako, ndinati ndikufuna khasu la laibulale, ndipo khasulo ndinalitengadi n'kulibweza. Simenti ya pansi inang'ambika kalekale. Pakona, kuchokera mumng'alu, chiswe chamanga njira yake ya dothi kukwera khoma, ndipo nthambi ina yakhotera ku thabwa la pansi la bokosi. Ndinaiphwanya ndi ndodo. Patapita sabata inali itamangidwanso. Aliyense wa kuno akudziwa chimene chiswe chimachita ndi pepala: kunja chimasiya chikuto chili bwinobwino, mkati muli dothi lokhalokha. Ndinapempha kuti bokosilo lingokwezedwa pa njerwa, osatsegula. Amene analinyamula mokondwa tsiku lija tsopano akuti msana, ena akuti akazi awo awaletsa. Ndinayesa ndekha kulipendeketsa, ndinagona masiku angapo.

Kuyambira pamenepo sindikhazikika. Ndikadzuka ndimati lero ndipalira, koma miyendo imanditengera ku laibulale. Ndimazungulira kuseri, ndimasuzumira pa kabowo ka mpweya, sindiona kanthu, ndimabwerera. Ndikafika kunyumba ndimatsegula failo, ndimaitseka, ndimatulukanso. Anthu ayamba kundipatsa moni wa odwala. Maganizo otenga chitsulo n'kukazula misomaliyo ndekha anandifikirapo, sindikana. Chimandiletsa ndi chakuti moyo wanga wonse sindinatengepo chinthu chosasainira. Komanso ndikudziwa anthu anga. Bokosi likatsegulidwa mwakuba, mabukuwo adzakhala a tsoka mpaka kalekale, ndipo palibe kholo lidzalole mwana wake kuwagwira. Aphunzitsi sanawatumize kwa ine ndekha. Ayenera kutsegulidwa masana, komiti ilipo, anthu akuona.

Ndinapita kwa abusa, anati ndi nkhani ya komiti. Komiti inati idzakambirana ikatha ntchito yokolola. Kukolola kunatha, inati anthu ali kalikiliki ndi kugulitsa chimanga. Tsopano akuti tidikire mvula ithe.

Choncho ndikulemba izi poyera, ndipo kope lake ndapereka kwa mlembi.

Kwa wapampando ndi mamembala onse a komiti ya laibulale: ine, membala wolipira chopereka chake chaka chilichonse, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe mochita kulemba, pa msonkhano wanu ukubwerawu, pa mfundo izi. Ngati mwavomereza kuti mawu a mwana wa malemu akwanira, tchulani tsiku lotsegula bokosi, ndipo hamala ndidzagwira ndine, dzina langa lilembedwe m'maminitsi kuti wobwera ndi mlandu adzadziwe khomo loti agogode. Ngati mukuti sakwanira, nenani momveka munthu amene mwambo ungamulole, amene alipodi ndipo angathe kufika kuno, ndi zimene ziyenera kuchitika pa tsikulo, kuti ndiyambe kukonza. Ngati munthu wotero palibe, lembani kuti palibe, kuti ndimuuze mwanayo zoona, aone chochita ndi mabuku a bambo ake. Ndipo pamene mukuganiza, lamulani kuti bokosilo likwezedwe pa njerwa sabata ino. Yankho lanu mulilembe ndi zilembo zikuluzikulu, chonde, kuti ndiliwerenge ndekha.